Onani Nsapato Zake

Ntchito yanga yoyamba yolongosoka inali yolankhula m'malo mwa azungu. Ndinali ndi chisakasa cha malata pafupi ndi msika wa Nyimba, kuseri kwa azimayi ogulitsa nthochi. M'menemo ndinaikamo mabenchi ndi TV yaikulu ya chimimba kumbuyo, ndipo panja pankakhala jenereta yokhosomola ngati nkhalamba ya fodya. Anthu ankabwera kudzaonera mafilimu, koma Chizungu cha m'mafilimu chimathamanga, ndiye ine ndinkakhala pambali ndi maikolofoni n'kumamasulira. Ndisaname, nanenso theka la mawuwo linkandidutsa. Pamene ndasochera ndinkangopeka, ndipo anthu ankati zopeka zangazo n'zimene zinkakoma.

Vuto linali limodzi. Masana m'chisakasamo munkalowa aliyense: azimayi a ana kumsana, alimi odikira basi, nthawi zina ngakhale akuluakulu a mpingo onamizira kuthawa dzuwa. Tsono filimu, kaya iyambe mwaulemu chotani, sichedwa kufika pamene mwamuna ndi mkazi atsekerana chitseko. Rimoti inali itafa kalekale, ndipo batani lothamangitsira linalowa m'kati osatulukanso. Choncho ndinapeza njira yangayanga. Ndikangomva kuti nyimbo yasintha, kalipenga kaja kayamba kulira mwaulesi, ndinkadzuka n'kuponya chitenje pa TV.

"Akulu akukambilana za feteleza," ndinkatero pa maikolofoni. "Tiyeni tiwapatse ulemu."

"Chosani chitenje, imwe! Talipila ndalama!" ankakuwa motero amuna a pabenchi lakumbuyo. Azimayi ankaseka mpaka kudzutsa ana kumsana. Ine osagwedezeka. Ndinkadikira kuti kalipengako kaleke, kenaka n'kuchotsa chitenje.

Zaka zimene ndinakhala ndi chitenje m'manja zinandisandutsa katswiri wa nkhani imene sindinkaiona. Amwenye ankavina m'mapiri maola atatu, kusintha zovala kasanu, osafika n'komwe pachitseko. Kwa iwo chitenje chinkapuma. Aamerika ankagona limodzi asanafunsane ngakhale mfunda. A ku Nigeria ankatipatsa akazi awiri, wa milomo yofiira wolanda mwamuna ndi wa duku wolira ndi Baibulo m'manja, ngati kuti mkazi wa duku alibe magazi. Koma chimene chinkandidabwitsa n'chakuti kalipenga kaja kanali kamodzimodzi. Kaya awiriwo akondana mpaka imfa, kaya angokumana lero kumowa, nyimbo inali yomweyo, ndi nthawi yophimba inali yofanana. Ndiye munthu angasiyanitse bwanji chikondi ndi chilakolako?

Yankho ndinalipeza kumapazi. Chitenje chikachoka, ukapeza mwamuna wakhala m'mphepete mwa bedi akumanga zingwe za nsapato, diso lili pa wotchi, dziwa kuti ameneyo anangobwera kudzadya, ndipo mkaziyo alira filimu isanathe. Koma ukamupeza m'khitchini wopanda nsapato, akupsereza mazira, ameneyo wafika, sapitanso. Ndinaonetsa mafilimu osawerengeka, ndipo lamulo limeneli silinandinamizepo.

"Onani nsapato zake!" ndinkakuwa ndikamachotsa chitenje. Anthu anazolowera moti ankayankha okha. Akaona zingwe zikumangidwa, chisakasa chonse chinkati, "Nsapato!" ndipo ine ndinkamutukwana mzunguyo mokoma, kumutcha fisi, galu wa pamsika, mpaka azimayi kuwomba m'manja. Ndinkanyadira kwambiri nzeru imeneyi, n'kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chitenjecho, cha maluwa achikasu, chinali cha mkazi wanga. Kwawo kunali ku Sandwe, koma ankakhala ndi azakhali ake ku Nyimba n'kumagulitsa nthochi m'mawindo a mabasi. Tsiku loyamba kulowa m'chisakasa changa anakhala phee mpaka filimu kutha, ndipo potuluka anaima patsogolo panga.

"Munama imwe," anatero. "Uja mzungu sanakambe zamene mwakamba."

"Mwaziba bwanji, amai? Mumvela Chizungu?"

"Iyayi. Koma munthu alila, imwe mukuti afunsa mtengo wa mbuzi?"

Chaka chisanathe ndinali nditamukwatira. Iyeyo ndi amene ananyansidwa ndi thumba la feteleza limene ndinkaphimbira TV poyamba, nandipatsa chitenje chake. Tikamadya ankakonda kundiseka, akuti, "Nanga imwe ndimwe wa nsapato olo wa mazila?" Ine ndinkadziguguda pachifuwa kuti nsapato zanga ndinavula kalekale.

Atakhala ndi pakati, akuluakulu anati mwana woyamba amakabadwira kwa amayi a mkazi. Chipatala chinali pafupi ndi nyumba yathu, poyenda pansi pomwe, koma ndinavomera, pofuna kuoneka mkamwini waulemu. Chimenechi ndidzafa nacho. Anapita ku Sandwe mvula itayamba, ndipo tsiku lake litafika mtsinje unali utadzaza, msewu utasanduka phala. Anavutika masiku atatu. Kwathu amati mwana akakana kutuluka ndiye kuti wina mwa awiriwo anazembera mnzake, choncho azimayi akuluakulu anamuzungulira n'kumamuumiriza kuti atchule amuna amene anagona nawo. Analibe woti amutchule. Tsiku lachitatu anamukweza pa ngolo ya ng'ombe, koma pofika kuchipatala mwana anali atafa kale. Anali wamwamuna. Mwana wotere amaikidwa ndi azimayi okha, moti uthenga utandipeza zonse zinali zitatha.

Mkazi wanga anapulumuka, koma m'kati munang'ambika. Mkodzo unkangotuluka wokha, usana ndi usiku, iye osaumva. Madokotala amati fisitula. Kumudzi ankangoti wawonongeka.

Ulendo woyamba kukamuona ndinapeza atamusamutsira m'kanyumba kophikira, kuseri kwa nyumba ya apongozi. Fungo linandilonjera ndisanafike pakhomo. Anali atagona pa mphasa yonyowa, atawonda moti ndinamuzindikira ndi maso okha. Ndinaima pakhomo n'kumupatsa moni ngati ndikulonjera mkazi wa neba. Sindinakhale ngakhale ola limodzi. Ndinati jenereta yavuta, anthu akundidikira, ndibweranso. Iye sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana kumapazi kwanga, pa nsapato zakuda zimene ndinapolisha m'mawa umenewo, kenaka anati, "Yendani bwino, bambo."

Panapita miyezi inayi osabwererako. Ndinkatumiza sopo ndi shuga, n'kumadziuza kuti ndikusamala banja. Amalume anga anabwera kudzandilimbitsa mtima m'njira yawo.

"Mphwanga, mwamuna sankhala chabe," anatero. "Za uja mkazi si mlandu wako. Olo abusa azamvetsa. Ufuna ukafe ulibe mwana?"

Mawu awo anandikomera, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero. Patapita masiku, azakhali a mkazi wanga anabwera ndi uthenga wochokera ku Sandwe. Anakhala pabenchi la m'chisakasa, osandiyang'ana.

"Akuti mukwatile, sakukwiyilani. Akuti chitenje chabe mubweze, nsalu zamuthela."

Mtima unapepuka, ndipo nthawi yomweyo ndinamva ngati andiwaza mbama. Chitenje sindinabweze.

Tsidya la msewu kunali mayi wina wa saluni, wosiyidwa ukwati, munthu wabwino mtima amene ankandisungira ndiwo. Iye ndilibe naye mlandu. Tsiku lina masana ndinalowa m'chipinda chake, ndipo zimene ndinkaphimbira anthu ndi chitenje ndinazichita. Zitatha ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ndikumanga zingwe mofulumira chifukwa filimu ya sikisitini awazi, folo koloko madzulo, inali pafupi.

"Muthamangila kuti?" anandifunsa.

"Anthu aniyembekeza," ndinatero, diso lili pa wotchi.

Filimu ya tsikulo ndinali nditaionetsa kambirimbiri, ndipo ndinkadziwa pamene pali nsapato. Kalipenga kanalira, ndinaphimba, ndinanena za feteleza, anthu anaseka. Nditachotsa chitenje, mzungu uja anali m'mphepete mwa bedi, wawerama. Chisakasa chonse chinati, "Nsapato!" n'kudikira kuti ndimutukwane. Maikolofoni inali pakamwa, koma mawu anakana. Ndinkangomva jenereta ikukhosomola panja, chitenje cha mkazi wanga chili m'manja. Ndinachipinda bwinobwino, ndinazimitsa TV, n'kuuza anthu kuti adzamalize tsiku lina ulere. Mumtima ndinali nditatsimikiza kale, ndipo ine ndikatsimikiza chinthu palibe wondibweza.

M'mawa mwake ndinakwera basi mpaka ku Petauke, kenaka lole yokatenga thonje imene inatisiya panjira tayala litaphulika. Kotsalako ndinayenda pansi. Ndinafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'mawondo. Apongozi atandiona ndikulunjika kukanyumba kophikira anathamanga n'kudzaima chapatali, nkhope atatembenuzira kumbali monga mwa ulemu wa pakati pathu.

"Bambo, musangene mmenemo. Si malo ya mwamuna. Nkhalani pa mpando, tizamuuza kuti mwabwela."

Chikwatirire ndinali ndisanawatsutsepo apongozi, ngakhale kuwayang'ana m'maso. Tsiku limenelo ndinakhala pa mwala wa pakhomo, ndinamasula zingwe, ndinaika nsapato zanga pambali pa mtondo, n'kulowa. Dothi la m'katimo linali lonyowa, ndipo ndinalimva kuzizira kumapazi.

Mkazi wanga anadzuka n'kukhala tsonga, atadzikulunga bulangete.

"Mwabweletsa chitenje?"

"Nabweletsa. Na ine nabwela."

"Ninunkha."

"Namva."

"Palibe chamene ningakupatseni monga mkazi. Olo mailo, olo chaka chibwela."

"Sininabwele kupempha," ndinatero. Kenaka ndinamuuza za mayi wa saluni, zonse, chifukwa sindinafune kuti adzazimve kwa ogulitsa nthochi. Anayang'ana mapazi anga.

"Ine ananifunsa maina ya amuna masiku atatu, nili kufa," anatero. "Imwe palibe wakufunsani."

Sanandikhululukire tsiku limenelo, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Ndinakhala pamudzipo milungu iwiri, ndikugona kwa mlamu wanga. Chitenje cha maluwa achikasu tinaching'amba zidutswa zisanu ndi zitatu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkanyamula beseni la nsanza kupita nalo kumtsinje. Azimayi ankasiya kuchapa n'kumandiyang'ana. Amuna ankanong'onezana kuti anandidyetsa kondaine. Wina atayesa kunena mokweza, ndinamuuza kuti ngati kondaine amachapitsa chonchi, akadyeko nayenso, mwina malaya ake angayere. Mlungu wachiwiri ukutha, mkazi wanga anatuluka panja n'kundikalipira kuti sindidziwa kufinya, nandilanda nsanza kuti andionetse. Pamenepo ndinadziwa kuti tibwerera limodzi.

Ku Nyimba sikunali kophweka. M'basi anthu anasamuka pampando wathu. Kutchalitchi iye ankakhala panja, pafupi ndi windo, ndipo ine ndinasiya benchi la azibambo n'kumakhala naye pomwepo. Nthochi sakanagulitsanso, pakuti akanagula ndani? Amalume anasiya kubwera kwathu. Tinkagona pa mphasa imodzi, pulasitiki pansi, ndipo ndisaname, thupi silinamve kuti mwini wake walapa. Linkafuna zake monga kale. Ndinapempha dimba m'mbali mwa mtsinje n'kumalima mpaka msana kuwawa. Mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinali nditavumbwa kale mokwanira, choncho njira yodutsa pa saluni ndinaisiya ngakhale inali yachidule.

Popeza sakanatha kukhala pagulu, mafilimu ndinkamuonetsera m'mawa, ndisanatsegule chisakasa, tili awiri basi. Tsiku lina kalipenga kanalira, ine ndinadzuka mwachizolowezi, iye anandikoka malaya.

"Nkhalani pansi. Mufuna kuphimbila ndani?"

Tinaonera limodzi zophimbidwa zija, aka kanali koyamba. Zitatha anagwedeza mutu.

"Ndiye zamene munali kuvutikila izi? Madzi ya tiyi sangawile na kuwila. Nanga mashiti azachapa ndani?"

Ndinaseka, koma iye anafunsa motsitsa mawu, maso ali pa TV, "Imwe simuzifuna?"

"Nizifuna."

"Nanga?"

"Nanga chani? Nifuna na motoka, koma nikali moyo."

Anandimenya paphewa, ndipo dzanja lakelo sanalichotse mpaka filimu inatha.

Pamaso pa anthu ndinabwerera ku thumba la feteleza. Ankakuwabe "Nsapato!" koma ine kutukwana ndinasiya, ndipo mwamuna wa mazira uja ndinayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Filimu imamuonetsa m'mawa umodzi wokha, mkazi ali wokongola, atavala shati la mwamunayo, kenaka mayina amakwera, tonse tizipita. Sindinaonepo filimu yomutsatira munthuyo mpaka chaka chachiwiri, akuyanika nsanza pa waya anthu akumuseka. Kuchapa nsanza sikuyenda ndi kalipenga, ndipo amuna a pabenchi lakumbuyo akanandibwezetsa ndalama zawo.

Nkhani yakuti nthendayi imasokedwa tinaimva pa wailesi. Anati madokotala amabwera nthawi ndi nthawi kuchipatala china chachikulu. Tinapita. Anamuchita opaleshoni, tinadikira, koma titabwerera kunyumba mphasa inanyowanso. Madokotala anali atatichenjeza kuti bala lake ndi lalikulu, mwina sizitheka ulendo umodzi, komabe mkazi wanga anataya mtima. Analira masiku awiri osadya.

"Basi, sinizabwelelako," anatero. "Nalema kung'ambiwa. Nisiyeni chabe."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinamukalipira koyamba chichokereni ku Sandwe. "Muzapita! Mukakana nizakunyamulani pamutu monga mkoko wa nthochi mpaka pa basi. Ine sininachape nsanza zaka ziwili kuti mugonje lelo."

Anandiyang'ana, misozi ili m'masaya, kenaka anati, "Na kakhosi kanu ako?"

Chaka chotsatira, madokotala atabweranso, tinali oyamba pamzere. TV ndi jenereta ndinagulitsa kuti tipeze choyendera, ndipo sindinadandaule kwenikweni, pakuti anthu anali atayamba kuonera mafilimu pa mafoni, aliyense payekha, popanda womuphimbira.

Pamalo ogona odikirira odwala mwamuna ndinali ndekha. Ena onse anali amayi ndi azichemwali a odwalawo. Opaleshoni itachitika, nesi wina wamkulu anandiitana pamaso pa mkazi wanga n'kundiloza chala.

"Imwe bambo, mvelani. Miyezi sikisi osamugwila. Amuna ndimwe mumaononga nchito yathu."

"Awa musawadele nkhawa, a sisita," anatero mkazi wanga ali chigonere. "Nchito yao inali yophimba."

Nesiyo anatiyang'ana, osamva chimene tinkaseka.

Mkazi wanga anakhala milungu iwiri ndi kapaipi kotulutsa mkodzo. Tsiku limene anakachotsa sindinadye. M'mawa mwake ndinali panja ndikuyanika zidutswa za chitenje chija, zitatu zimene zinatsala, maluwa ake atasuluka, pamene nesi anatumiza mawu kuti akundifuna. M'wodimo anali atangokolopa, choncho nsapato ndinazisiya pakhomo. Ndinayenda pakati pa mabedi, akazi onse akundiyang'ana, ndikudziuza kuti ngati zakanikanso tidzabweranso kachitatu, kaya kachinayi.

Ndinamupeza atakhala pa bedi. Sanandipatse moni. Anagwira dzanja langa n'kuliika pa nsalu yoyala pabedi, pamene anagona.

"Gwilani apa," anatero. "Na apa. Na apa."

Panali pouma. Ndinapapasa nsalu yonseyo ngati wakhungu, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, ndipo paliponse panali pouma. Mayi wa pa bedi loyandikana anayamba nthungululu, ena analandira, ndipo ine, munthu amene ndinkadyera pakamwa, ndinagwada pa simenti n'kulira mokweza osatulutsa liwu n'limodzi lomwe lomveka. Mkazi wanga anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Kenaka anayang'ana kumapazi kwanga, anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, nati:

"Lomba kavaleni nsapato, bambo. Tiyeni kunyumba."